Kupanga sensa ya enzyme yoyezera histamine mu nsomba

Enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) mwagula, mwadontheza pa electrode (kachipande kodutsitsa magetsi koyezera), yauma bwinobwino. Mukayesa ndi histamine wa m'botolo, manambala akukwera mosangalatsa (histamine ndi mankhwala amene amachuluka mu nsomba yoonongeka n'kumadwalitsa woidya). Koma mukangodonthezapo madzi a nsomba zinthu zimatembenuka: nsomba yabwino ikuoneka ngati yoola, yoola ikuoneka ngati yabwino, ndipo mawa lake sensa yomweyo ikuwerenga theka la zimene inawerenga dzulo. Ambiri akafika apa amanyoza enzyme n'kuitanitsa botolo lina, pomwe vuto silinali m'botolomo.

Sensa imeneyi siona histamine ayi. Enzyme ya diamine oxidase, imene timaitchula mwachidule kuti DAO, imaphwanya histamine mothandizidwa ndi oxygen wa m'madzi, n'kutulutsa aldehyde, ammonia ndi hydrogen peroxide. Chimene electrode imawerenga ndi peroxide yekhayo. Ndiye chilichonse chimene chingadye peroxide, kapena kumuchulukitsa, kapena kumaliza oxygen, chimasintha yankho lanu ngakhale histamine akhale yemweyo. Machenjezo ambiri amene ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

## Zofunika kukhala nazo

Zipangizo:

- potentiostat (makina oika voteji pa electrode n'kuwerenga current, kutanthauza magetsi amene akudutsa), ngakhale yaing'ono yolumikiza ku kompyuta
- ma electrode osindikizidwa a kaboni okhala kale ndi Prussian blue (utoto wabuluu wothandiza kuwerenga peroxide), osachepera 10
- ma pipette a 0.5–10 µL, 10–100 µL ndi 100–1000 µL
- sikelo yowerenga mpaka 0.1 mg, ndi pH meter
- ma flask okhala ndi mzere wa muyezo a 10 mL, 50 mL, 100 mL ndi lita imodzi
- chogayira nsomba, machubu otsekeka a 50 mL, mphika wa madzi owira
- centrifuge (makina ozungulitsa machubu kuti zolemera zitsike pansi), ndi masefa a 0.45 µm
- magolovesi, magalasi otchinga maso, sitopuwotchi

Mankhwala:

- DAO, ya impso za nkhumba kapena ya mphukira za nsawawa (pea)
- BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe), glutaraldehyde wa 25% (womangira enzyme pa electrode), glycine
- histamine dihydrochloride, putrescine ndi cadaverine (onsewa ali m'gulu la mankhwala otchedwa ma amine)
- NaH2PO4, Na2HPO4, KCl, hydrogen peroxide
- madzi a distilled

Za ma electrode, musanyengeke ndi a platinum. Pa platinum peroxide amawerengedwa pa voteji ya pafupifupi +0.65 V, ndipo pamenepo ascorbic acid, uric acid ndi zina zambiri za m'chakudya zimapereka current nazonso. Prussian blue amawerenga peroxide pafupi ndi 0 V, pomwe zambiri mwa zimenezi zimakhala zii. Ndipo ngati n'koyamba, gulani okhala ndi Prussian blue kale. Kumupaka nokha n'kotheka, koma zikakanika simudziwa ngati walakwa ndi utotowo kapena enzyme.

## Kukonza madzi ogwiritsa ntchito

1. Konzani buffer, madzi osunga pH kuti isamasinthe. Sungunulani 24.0 g ya NaH2PO4 m'lita imodzi, ndi 28.4 g ya Na2HPO4 m'lita ina. Onsewa ndi a 0.2 M. Tengani 195 mL ya woyambayo ndi 305 mL ya wachiwiriyo, thiranimo 7.46 g ya KCl, kenako dzazani madzi mpaka pa lita imodzi. Mupeza phosphate wa 0.1 M wokhala ndi KCl wa 0.1 M. Yezani ndi pH meter, muwongole kuti afike pa 7.0.

Chenjezo: magalamu amenewa ndi a mchere wopanda madzi m'kati mwake. Ngati pa botolo lanu palembedwa monohydrate, dihydrate kapena dodecahydrate, werengeraninso. KCl musamusiye: Prussian blue sagwira ntchito bwino popanda potassium, komanso reference ya siliva ya pa electrode (mbali imene voteji imayezedwerapo) imafuna chloride kuti voteji isamayendeyende. pH isapitirire 7.4, chifukwa Prussian blue amasungunuka m'madzi a alkaline. Tris musamukhudze n'komwe. Nayenso ndi amine, ndipo amalanda glutaraldehyde amene mumafuna kuti amange enzyme.

2. Konzani histamine wa muyezo wodziwika. Yezani 165.6 mg ya histamine dihydrochloride, sungunulani mu buffer mpaka pa 100 mL. Uyu ndiye wa 1000 mg/L. Tapanipo 10 mL mudzaze mpaka 100 mL kuti mukhale ndi wa 100 mg/L. Kuchokera mwa ameneyu tapani 0.1, 0.25, 0.5, 1 ndi 2 mL, aliyense mu flask yake ya 10 mL, mudzaze ndi buffer. Mukhala ndi 1, 2.5, 5, 10 ndi 20 mg/L.

Chenjezo: apa ndi pamene pamagwa anthu ochuluka, ngakhale ozolowera labotale. Histamine amalemera 111.15 g pa mole, pomwe mchere wake wa dihydrochloride umalemera 184.07. Mukayeza 100 mg ya ufawo, histamine weniweni alimo 60.4 mg basi. Mukalemba pa botolo kuti 1000 mg/L, nsomba ya 60 mg/kg izituluka ngati ya 100, ndipo mudzakana nsomba zopanda mlandu. Ufawu umakokanso chinyezi, choncho musasiye botolo kukamwa yasa pamene mukuyeza.

## Kumanga sensa

3. Yambani mwayesa electrode isanaone enzyme. Donthezani 50 µL ya buffer kuti iphimbe ma electrode onse atatu osindikizidwa pa kachipande kamodziko (yapakati yowerengera, reference ndi counter yotsiriza njira ya magetsi). Ikani voteji pa -0.05 V kwa masekondi 60, lembani current ya kumapeto. Tsukani, kenako bwerezani ndi peroxide wa 100 µM. Peroxide wa 30% amakhala pafupifupi 9.8 M, ndiye mumusungunule pang'onopang'ono, tsiku lomwelo. Current iyenera kutsika moonekeratu kupita ku negative. Chitani zimenezi ndi ma electrode onse, ndipo amene akusiyana kwambiri ndi anzawo apatuleni.

Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi anthu amaidumpha, komatu ndi yomwe imakuuzani pambuyo pake kuti wafa ndani. Sensa ikadzasiya kuyankha histamine koma ikuyankhabe peroxide, yafa ndi enzyme. Ikasiya zonse ziwiri, watha ndi Prussian blue.

4. Sakanizani enzyme. Mukachubu kakang'ono koikidwa pa ayezi, thirani 10 µL ya DAO wa 20 mg/mL ndi 8 µL ya BSA wa 20 mg/mL, zonse zosungunulidwa mu buffer. Glutaraldehyde wa 25% musungunule kakhumi kuti akhale wa 2.5%, mutengepo 2 µL muthire pomaliza penipeni. Mu 20 µL imeneyo glutaraldehyde akhala 0.25%. Sakanizani ndi nsonga ya pipette mofatsa, osachita thovu.

Manambala amenewa ndi poyambira chabe. Mphamvu ya DAO imasiyana kutali kwambiri: ya nkhumba nthawi zambiri imabwera yofooka pa milligram iliyonse poyerekeza ndi ya nsawawa, ndiye yang'anani ma unit pa pepala la botolo lanu. Sensa ikamayankha mofooka, onjezani enzyme m'kasakanizidweko. Musakulitse dontho.

Chenjezo: glutaraldehyde akachuluka amamanga enzyme mpaka kuipha, akachepa enzyme imakokoloka pa kutsuka koyamba. Akangolowa m'kachubu nthawi yayamba kutha, mphindi zingapo zokha zonse zalimba ngati phala lozizira. Choncho ma electrode akhale atandandalikidwa kale. Mankhwalawa amawotcha maso ndi m'mphuno, ndipo ena amawayambitsa mphumu. Atsegulireni mu fume hood (kabati yokoka mpweya woipa) mutavala magolovesi ndi magalasi.

5. Donthezani. Ikani 3 µL pakati pa electrode yozungulira ya pakati ija, yomwe nthawi zambiri imakhala ya 4 mm. Dontho likhale pamenepo pokha. Likasefukira pa reference kapena pa counter, electrode imeneyo yatayika. Nsonga ya pipette isagunde pansi, imakanda utoto.

6. Pangani electrode yopanda enzyme. Mukachubu kena sakanizani chimodzimodzi, koma m'malo mwa DAO muthire 10 µL ya BSA. Donthezani pa ma electrode awiri. Imeneyi ndiye mboni yanu: chilichonse chimene idzawerenge mu nsomba si cha amine, ndipo mudzachichotsera pa zimene sensa yawerenga.

7. Umitsani ndi kutsuka. Siyani pa tebulo kwa ola limodzi mutavundikira kuti fumbi lisagwere, kenako mu firiji pa 4 °C usiku wonse. M'mawa donthezani glycine wa 0.1 M kwa mphindi 10, mutsuke katatu ndi buffer. Glycine amatseka timikono ta glutaraldehyde totsala. Mukapanda kutero, timikono timeneti timagwira histamine wa m'madontho oyamba, ndipo manambala oyambirira amatuluka otsika popanda chifukwa chooneka.

Chenjezo: musaumitse padzuwa, mu uvuni kapena ndi chowumitsira tsitsi. Enzyme ndi puloteni, imapsa.

## Kuphunzitsa sensa muyezo

8. Yezani kuyambira wochepa kukafika wochuluka. Buffer yekha poyamba, kangapo, mpaka current ikhazikike. Kenako 1, 2.5, 5, 10 ndi 20 mg/L, aliyense katatu. Nthawi zonse dontho ndi 50 µL, voteji -0.05 V, masekondi 60, ndipo mutenge avereji ya masekondi asanu omaliza. Pakati pa dontho ndi dontho tsukani ndi buffer, mupukute m'mbali ndi tishu osakhudza enzyme.

Chenjezo: enzyme siidikira kuti mudine batani. Dontho likangogwera, peroxide wayamba kale kuunjikana. Mukadina pakatha masekondi asanu pa dontho lina, n'kudina pakatha 30 pa linzake chifukwa foni inalira, madontho awiri ofanana apereka manambala osiyana. Sankhani nthawi imodzi, muziisunga ndi sitopuwotchi. Ndiponso zonse zikhale zofunda mofanana. Madzi ochoka kumene mu firiji amawerenga motsika chifukwa enzyme imachita ulesi pozizira.

9. Jambulani mzere. Chotsani current ya buffer pa iliyonse, kenako jambulani current molingana ndi mg/L. Current ikhala ya negative chifukwa peroxide akulandira ma electron, si kuti mwalumikiza mawaya mopingasa. Mukaona mzere ukuyamba kugona pofika pa 20 mg/L musadabwe. Histamine wa 20 mg/L ndi pafupifupi 180 µM, pomwe oxygen wosungunuka m'madzi pa 25 °C ali cha pa 250 µM. Enzyme ikufika poperewera mpweya. Gwiritsani ntchito gawo lowongoka lokha, ndipo nsomba ikawerenga kupyola pamenepo, isungunuleni muyezenso. Amene anazolowera kuuzira nitrogen m'madzi asanayeze, chizolowezi chimenecho pano achisiye, chifukwa popanda oxygen sensa ndi yakufa.

Kuti mudziwe pochepetsetsa pamene sensa ingazindikire, yezani buffer kakhumi, mupeze standard deviation, muichulukitse katatu, mugawe ndi kupendekera kwa mzere wanu.

10. Yesani putrescine ndi cadaverine. Konzani aliyense pa 90 µM, womwe ndi muyezo wofanana ndi histamine wa 10 mg/L, muone mmene sensa ikuyankhira. DAO sasankha: amadya ma amine onsewa, ndipo wa nsawawa amakonda putrescine ndi cadaverine kuposa histamine weniweniyo. Mabakiteriya amene amapanga histamine kuchokera ku histidine amakhalira limodzi ndi anzawo opanga cadaverine kuchokera ku lysine ndi putrescine kuchokera ku ornithine, ndiye mu nsomba yoonongeka atatuwa amapezeka pamodzi kawirikawiri. Nambala imene sensa yanu ikupatseni ndi ya ma amine onse, yowerengedwa ngati kuti onse ndi histamine. Poyeza ngati nsomba yayamba kuonongeka zimenezi ndi zabwino ndithu. Ngati mukufuna histamine yekhayekha, funani enzyme ya histamine dehydrogenase, koma imeneyo siitulutsa peroxide, ndiye imafuna electrode ya mtundu wina yokhala ndi mediator, mankhwala onyamula ma electron kuchoka pa enzyme kupita ku electrode.

## Kukonza nsomba

11. Dulani pamalo oyenera. Histamine amachuluka mu nsomba za mnofu wokhala ndi histidine wambiri monga tuna, mackerel, sardine ndi anchovy, koma sagawika mofanana m'thupi lonse. Amayambira pafupi ndi makha ndi pamimba, komwe kumakhala mabakiteriya monga Morganella morganii. Mukadula kumchira kokha, nsomba yoipa ikhoza kupambana mayeso. Nsomba yaikulu idulidwe kutsogolo, chakumunsi pafupi ndi mimba. Zing'onozing'ono gayani zingapo pamodzi. Gayani mpaka zisalale, ndipo zikhale pa ayezi nthawi yonseyi, apo ayi mabakiteriya apitiriza ntchito yawo pa tebulo lanu lomwelo.

12. Tulutsani ma amine. Yezani 5.0 g ya nsomba yogayayo muchubu, thirani 35 mL ya buffer, khutchumulani mwamphamvu kwa mphindi ziwiri. Masulani pang'ono chotsekera, muimike chubucho m'madzi owira kwa mphindi 10. Chikazizira tsanulirani zonse mu flask ya 50 mL, tsukuluzirani momwemo, dzazani mpaka pa mzere.

Kuwiritsaku kuli ndi chifukwa chake, ndipo ine ndinachidziwa nditataya sabata yathunthu. Mnofu wa nsomba yaiwisi uli ndi catalase, enzyme imene ntchito yake ndi kudya peroxide. Ndinkathira histamine wodziwika mu nsomba yogaya, sensa n'kumangondibwezera kachigawo kochepa, pomwe mu buffer inkawerenga bwino. Ndinasintha enzyme, ndinasintha ma electrode, osaphula kanthu, mpaka tsiku lomwe ndinadontheza peroxide mwachindunji m'madzi a nsombawo n'kuona current ikuzilala ndikuyang'ana. Kutentha kumapha catalase, kumaundanitsanso mapuloteni amene akanamata pa sensa. Histamine yekha moto saumva, n'chifukwa chake kuphika nsomba yoonongeka sikuipulumutsa. Nsomba ya m'chitini inaphikidwa kale, ndiye vuto la catalase ilibe.

Chenjezo: njira zambiri za HPLC (makina a mu labotale olekanitsa mankhwala n'kuyeza aliyense payekha) zimatulutsa ma amine ndi trichloroacetic acid kapena perchloric acid. Madzi amenewo mukawadontheza pa sensa osawongola pH, enzyme ifera pomwepo. Ngati mulibe kuchitira mwina, abwezereni pa pH 7 kaye, muyeze ndi meter osati kungoganizira.

13. Sefani. Zungulitsani mu centrifuge kwa mphindi 10. Ngati nsomba ili yamafuta, ikani chubu mu firiji kanthawi kuti mafuta aundane pamwamba, mutape madzi a pansi pake ndi pipette. Adutsitseni mu sefa ya 0.45 µm, mudikire afunde ngati madzi ena onse. Kadontho ka mafuta kakagwera pa enzyme kamatseka njira, ndipo sikachoka ndi kutsuka wamba.

## Kuyeza ndi kuwerengera

14. Yezani pa ma electrode onse awiri. Katatu pa sensa, katatu pa yopanda enzyme ija, nthawi ndi voteji zomwe zija. Tiyerekeze kuti mutachotsa current ya buffer, osalabadira chizindikiro cha negative, sensa yapereka 310 nA, yopanda enzyme 40 nA, ndipo mzere wanu umakwera ndi 30 nA pa 1 mg/L iliyonse. Ya ma amine ndi 270 nA, kutanthauza 9 mg/L. Poti 5 g inalowa mu 50 mL, chulukitsani ndi 10, mupeza 90 mg/kg. Ngati munasungunulanso kawiri kapena kasanu musanayeze, chulukitsaninso ndi nambala imeneyo. Mukayeza nsomba zisanu bwererani pa histamine wa 5 mg/L kuti muone ngati sensa ikadali momwe inaliri.

15. Onani ngati njira yanu ikubweza zimene mwaikamo. Tengani 5.0 g ina ya nsomba yomweyo, thiranimo 0.5 mL ya histamine wa 1000 mg/L musanathire buffer. Mwaonjezera 100 mg/kg. Chitani zonse monga poyamba. Kusiyana kwa nsomba iyi ndi inzake ija kukhale pafupi ndi 100. Ine kukatsika pansi pa 80 kapena kupyola 120 sindilemba zotsatira za tsiku limenelo. Nsomba yamchere ndi yothira zokometsera ndi zomwe zimavuta kwambiri apa. Zisungunuleni mowonjezera, kapena muzithira histamine wodziwika pang'onopang'ono m'madzi a nsomba momwemo n'kujambula mzere wake wapadera.

16. Masulirani mosamala. Lamulo la European Union nambala 2073/2005 limafuna zitsanzo 9 pa gulu limodzi la nsomba: avereji isapyole 100 mg/kg, zosaposa ziwiri zingakhale pakati pa 100 ndi 200, ndipo pasapezeke chopyola 200. Kwa nsomba zokhwimitsidwa m'madzi amchere malire ake ndi 200 ndi 400. Malire amenewa ndi a histamine yekha, pomwe sensa yanu ikuphatikiza onse. Ndiye nambala yotsika kwambiri, ngati gawo 15 linayenda bwino, mungaikhulupirire. Nambala yoyandikira kapena yopyola malire ikutanthauza kuti chitsanzocho chipite ku HPLC, monga mwa njira ya ISO 19343, musanagamule za katundu wa munthu.

17. Sungani. Tsukani ndi buffer, umitsani pamphepo, ikani m'kabokosi kotsekeka mu firiji pa 4 °C, osati mu freezer. Tsiku lililonse jambulani mzere watsopano. Wa dzulo ndi wa dzulo.

## Zolakwika zofala

Kuyeza popanda electrode ya mboni. Nsomba yofukiza ndi yothira mankhwala osungira imapereka current yake payokha, ndipo yonseyo imalembedwa ngati histamine.

Kupaka enzyme mochindikala pofuna mphamvu. Zimachitika ndi zosiyana. Histamine amachedwa kulowa, peroxide wopangidwa pamwamba amathawira m'dontho asanafike pa Prussian blue, ndipo chigamba chochindikalacho chimasweka n'kumatuka chikauma ndi kunyowa kangapo.

Kuthira sodium azide mu buffer kuti asachite nkhungu. Azide amafooketsa enzyme za copper ngati DAO. Konzani buffer wochepa, mumusunge mu firiji, mukonze wina akatha.

Kugwiritsa ntchito glutaraldehyde wakalekale. Akakhalitsa pofunda amadzimanga yekhayekha, ndiye sensa za mwezi uno sizifanana ndi za mwezi watha. Mugaweni m'timachubu, musunge mu freezer, muzitulutsa kamodzikamodzi.

Dontho losaphimba reference. Current imalumphalumpha ngati yopenga. Musanaganize za enzyme, weramani muyang'ane dontholo, muonenso ngati madzi sanalowe polumikizira mawaya.

Kupitiriza ndi electrode yoyezuka. Buluu uja akayamba kuyera, Prussian blue akutha. Peroxide akamawerengedwa amatulutsa hydroxide pa electrode pomwepo, ndiye zitsanzo zochuluka ma amine zimamudya msanga, makamaka buffer akakhala wofooka. Nsomba imene ikununkha kale isungunuleni kakhumi musanaiyandikize ku sensa.

Kudalira mphuno. Nsomba ikhoza kukhala ndi histamine woposa malire ili yooneka bwino ndiponso yosanunkha. Sensa ikawerenga mokwera pa nsomba yooneka yatsopano, musathamangire kuitaya sensayo. Bwerezani gawo 15, kenako tumizani chitsanzocho ku HPLC.